Si mkango, ndi pikoko: kavazi ka pamsika kaulula kwawo

Masiku 9 ndakhala ndikulimbana ndi kavazi kamodzi, ndipo usiku wa Lachiwiri kanagonja. Ndikulemba mutu udakali wotentha, ndiye mundikhululukire ndikamalumphalumpha.

Nkakang'ono, masentimita 11 kutalika kwake. Galasi lake ndi la mtundu wa biringanya, losakanizika ndi mizere yoyera ngati mkaka umene wangothiridwa kumene mu tiyi usanatakasidwe. Ndi slag glass, kapena malachite monga ankalitchulira opanga ake. Nkosindikiza m'chikombole, osati kouzira: mizere ya chikombole ikuchita kumveka ndi chikhadabo m'mbali, ndipo kunsi kulibe pontil, chipsera chimene chimatsala pomwe wouzira galasi anagwirira ndi ndodo yachitsulo. Ndinakapeza kwa madala anga aja a pamsika waukulu wa Zomba, amene amayala makiyi opanda maloko, masimbi a makala ndi nyale zothyoka zogwirira. Papita zaka 6 ndikugula kwa iwo ndipo sanandinamizepo. Chinthu chikakhala chomata amayamba okha kukuonetsa pomata. Tsikulo anangoti, “Tengani achimwene, adzukulu akungoikamo machesi.” Tinamvana pa K6,000. Akuti bambo awo ankaphika kunyumba ina ya boma kumtunda kwa Mulunguzi, ndipo bwana wake pobwerera kwawo anawasiyira katundu m'bokosi. Nkhani yotere aliyense wogulitsa zakale muno ali nayo, koma ya madalawa ndimaimvera.

Masiku 2 oyamba anathera potsuka. M'kati munali chikhungwa choyera cha madzi ouma, pamwamba pake dothi ndi phula la kandulo. Ndinaviika mu vinega wosungunula ndi madzi ozizira, nkumakwecha ndi mswachi wakale. Madzi otentha ayi ndithu. Chaka chatha ndinaphetsa mbale yabwinobwino chifukwa cha phuma, inangoti the! m'beseni ine ndikuyang'ana.

Litsiro litachoka, kunsi kunatulukira dayamondi ija tonse otolera zakale timailota: chizindikiro cha ngodya zinayi chosonyeza kuti maonekedwe a chinthu analembetsedwa ku Britain, ndi tsiku lomwe analembetsedwa. Kamphete pamwamba kali ndi III, kutanthauza gulu la magalasi, pakati Rd, ndipo pangodya imodzi P woonekera bwino. Ngodya zinazo nzofufutika, chifukwa kavazika kakhala kakukhuzidwa pamatebulo kwa zaka zosawerengeka. Ndinathamangira pa tebulo la zilembo lomwe ndinakopera m'kope kalekale, chala nkutsetsereka mpaka pa P: 1851.

Abale anga, ndinaimirira. 1851! Ndiye kuti kutatsala zaka 8 kuti David Livingstone aone nyanja ya Chilwa mu 1859, zaka 40 dziko lino lisanakhale pansi pa Britain mu 1891. Ndinauza mayi a kunyumba, ndinauza mnzanga wa ku Matawale, mumtima ndinali nditayamba kale kugula malata.

Koma china chake chinkandiluma. Galasi losakaniza mitundu chonchi linatchuka m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880 kumpoto chakum'mawa kwa England. Nanga 1851 likutani? Masiku 4 athunthu ndinkafunafuna fakitale imene ikanapanga zotere nthawi imeneyo, nkumadzinamiza kuti mwina ndatola chosowa chimene ena onse sanachione. Bando ya intaneti inatha kawiri. Cholakwa chinali changa, ndipo nchochititsa manyazi. Dayamondi inagwira ntchito kuyambira 1842 mpaka 1883, koma m'magawo awiri. Kuyambira 1842 mpaka 1867 chilembo cha chaka chimakhala pangodya ya pamwamba, mwezi kumanzere, tsiku kumanja, nambala ya phukusi pansi. Mu 1868 anasinthanitsa malo: tsiku pamwamba, phukusi kumanzere, chaka kumanja, mwezi pansi. Ndipo zilembo anaziyambiranso mu ndondomeko yomwe ija, X, H, C, A, I, F, mpaka kutsogolo. Choncho X ndi 1842 komanso 1868, P ndi 1851 komanso 1877. M'kope mwanga ndinakopera gawo loyamba lokha, tsamba linalo kaya ndinakulungira chiyani. P wanga ali kumanja. Ndi 1877. Malata aja anabwerera kusitolo.

Chaka chinapezeka, koma dayamondi siitchula dzina la wopanga. Kuti umupeze umafunika tsiku, mwezi ndi nambala ya phukusi, nkukaziyang'ana m'kaundula, ndipo pa kanga zonsezo zinadyeka. Ndinatsala ndi anthu atatu owaganizira: Sowerby ndi Davidson a ku Gateshead, ndi Greener wa ku Sunderland. Onsewa ankapanga slag ya mtundu umenewu, ndipo ukangoyang'ana mtundu wokha sungawasiyanitse. Davidson chizindikiro chake ndi mkango wotulukira pa kansanja. Greener nayenso mkango, wina wogwira nyenyezi, wina nkhwangwa. Ndinatembenuza kavazika mbali zonse, ndi galasi lokuzira, padzuwa la masana, pawindo, osaona kanthu. Foni ndiye inali yosathandiza: fulashi imangowala pa mizere yoyera ija nkubisa zonse. Tochi yanga ya UV, ija yoyezera ndalama zachinyengo, sinanene kanthu kothandiza. Imeneyi ndi yomwe inandipezera kambale ka uranium ku Limbe, kamene kanayaka kobiriwira ngati chiphaniphani mpaka wogulitsa anafuna kukweza mtengo pomwepo. Koma apa inangokhala chete.

Ndiye Lachiwiri magetsi anazima titangomaliza kudya. Ndinayatsa katochi ka pafoni kuti ndichotse kavazi patebulo ana asakagunde mumdima, ndipo kuwala kunalowa chammbali, mopendekera, kudutsa m'galasi. M'kati, pansi penipeni, panaoneka kachithunzithunzi ka chinthu chotumphuka, chochepa kuposa njere ya nandolo. Masiku onsewa ndinkafuna kunja, chizindikiro chili m'kati. Ndinkachikhudza ndi mswachi nkumayesa chikhungwa chokanika kuchoka.

Chala sichinkafika bwino, pepala ndi pensulo sizikanatheka. Chinandipulumutsa ndi dongo la mwana wanga wamng'ono, lomwe amakatapa kudambo nkumaumbira ng'ombe. Ndinabudula nyanga ya ng'ombe imodzi, mwini wake ali m'tulo, nkuimata kunsonga ya pensulo, kudinda pansi paja, kuzula pang'onopang'ono. Kawiri koyamba dongo linali lofewa kwambiri, linangotsalira momwemo. Kachitatu linatuluka ndi chithunzi, chotembenuka ngati cha pachidindo.

“Mkango uwu,” ndinatero. “Davidson.”

Mayi a kunyumba anatenga pensulo ija, nkuiyandikiza pa kandulo, nkundiyang'ana mondimvera chisoni. “Bambo a Chikondi, mkango wa mlomo wosongoka munauona kuti? Nkhangatu iyi.”

Sanaphonye kwenikweni. Khosi lalitali lopindika, mlomo, ndi tinthenga toimirira pamutu tomwe ine ndinkati ndi manyenje a mkango. Mutu wa pikoko. Ndi Sowerby, fakitale ya Ellison Glass Works ku Gateshead, tsidya lina la mtsinje wa Tyne kuchokera ku Newcastle. Chizindikirochi anayamba kuchigwiritsa ntchito mu 1876, zomwe zikugwirizana bwino ndi P wa 1877, ndipo zikukwirira 1851 uja kotheratu. Ndikanachiona tsiku loyamba, masiku 4 aja sakanapita pachabe.

Wina asandikumbutse, ndikudziwa: 1877 ndi chaka chomwe maonekedwewo analembetsedwa, osati chomwe kavazi kanga kanatuluka mu ng'anjo. Chikombole chachitsulo chinkagwira ntchito zaka zambiri dayamondi yake ili pomwepo. Komanso mu 1877 Zomba kunalibe nyumba ya boma yoti kavazi kakakhalemo. Masongola, nyumba ya kazembe woyamba kukhala muno, inamangidwa cha m'ma 1886. Ndiye kanabwera mochedwerapo, mwina m'sutikesi ya mkazi wa kalaliki wina, kokulungidwa m'masokosi, kudzera Zambezi ndi Shire. Sikanali ka anthu olemera. Galasi losindikiza linali lotsika mtengo, lopangidwa mwaunyinji kuti nyumba wamba nazo zikongole. Kwa ine nchifukwa chake kakundisangalatsa. Kristalo wa abwanamkubwa anabwerera kwawo, aka kanatsala kakusunga machesi.

Chatsala ndi nambala ya patani. Ndikufuna kuyerekeza ndi buku la zitsanzo la Sowerby la 1882, ndipo msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Leeds ndamuuza kale kuti akapeza tchuthi apite ku National Archives ya ku Kew, kumene kuli makaundula a BT 43 ndi BT 44, akandijambulire zonse zomwe Sowerby analembetsa mu 1877. Wayankha ndi kachithunzi koseka basi. Ndikuganizanso zokakhala ku National Archives yathu ya muno mu Zomba, kufufuza m'manyuzipepala akale zolengeza za okushoni ya katundu wa m'nyumba, mpaka tsiku lina ndidzalembe mndandanda wa galasi lililonse la Gateshead lomwe linafika dziko lino. Kaya ndidzayamba liti.

Dzulo ndinadzera kwa madala aja kukawauza za pikoko. Anaseka, kenako anati m'bokosi lomwe lija munali kenanso, kabuluu, ndipo akuganiza kuti kali kwa mlongo wawo ku Songani, ngati sanakasandutse koikamo mchere. Loweruka tikwera minibasi limodzi. Dongo ndanyamula kale, ng'ombe ya mwana yatsala yopanda nyanga zonse ziwiri.