Mmene ndinasankhira compiler ya C pa laputopu yanga yakale

Laputopu yanga ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito, ya RAM ya 4 GB ndi Windows 10. Nditayamba kuphunzira C, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndinkaona ngati kulemba kodi mu Notepad ndi kokwanira. Ayi ndithu. Pamafunika compiler, pulogalamu yosandutsa zomwe walembazo kukhala fayilo ya .exe yoti kompyuta iyendetse.

Mnzanga anandikopera compiler ya Turbo C pa fulashi. Imeneyi ndi ya kampani ya Borland, ya mu 1987, ndipo pa Windows ya 64-bit siyenda pokhapokha uiike mkati mwa DOSBox, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu akale a DOS. Turbo C ndinaitaya tsiku lomwelo. Visual Studio ya Microsoft ndi yabwino, koma mbali ya C ndi C++ yokha imadya ma GB angapo. Bandulo yanga ya mwezi wathunthu ikanathera pomwepo.

Zinatsala GCC, yomwe Richard Stallman anatulutsa mu 1987, ndi Clang ya pulojekiti ya LLVM. Clang imatamandidwa pofotokoza zolakwika momveka, ngakhale GCC ya masiku ano nayonso imaloza pamene wasokoneza. Ndinatenga GCC chifukwa ndi yomwe ndidzaipeze ndikasamukira ku Linux.

Ndinaika MSYS2, pulogalamu yothandiza kuika GCC pa Windows, n'kutsegula windo lake la UCRT64. Ndinalemba pacman -Syu kuti zonse zikhale zatsopano, kenako pacman -S mingw-w64-ucrt-x86_64-gcc. Mpaka apa zinayenda bwinobwino.

Vuto linabwera nditatsegula Command Prompt n'kulemba gcc --version. Windows inati dzina limenelo sikulidziwa. Ndinachotsa zonse n'kuikanso, osadziwa kuti ndikungowononga bandulo. Compiler inalipo, koma Windows sinkadziwa foda yomwe ili. Mankhwala ake ndi kulowa mu Environment Variables, kusankha Path, mndandanda wa mafoda omwe Windows imafufuzamo mapulogalamu, ndi kuwonjezera C:\msys64\ucrt64\bin. Ukatero utseke Command Prompt n'kuitsegulanso, apo ayi uthenga uja ubwerabe, ndipo ine ndinataya theka la ola pa chimenechi.

Kenako ndinalemba gcc -Wall moni.c -o moni.exe kuti ndisandutse fayilo yanga ya moni.c, ndipo nditayendetsa moni.exe mawu oti "Moni" anaoneka pa sikirini. Ka -Wall kameneko musamakaiwale, kamachenjeza za zolakwika zomwe compiler ikanangodutsa osanena kanthu.

Zitsanzo za m'manotsi a mnzanga uja zinakana, chifukwa zonse zimayamba ndi clrscr(), ya Borland yofufutira za pa sikirini, yomwe mu fayilo ya conio.h ya MinGW (GCC ya pa Windows ndinaika ija) mulibe. Ndinangofufuta mzere umenewo m'fayilo iliyonse, zonse n'kuyenda.