Kope la mnzake

Abale, usiku wathawu ndaonera kafilimu ka ku Iran ka mu 1987, ka Abbas Kiarostami, kotchedwa Where Is the Friend's House? Mpaka pano mtima sunakhale m'malo.

Ahmad, mnyamata wa zaka 8, watenga kope la mnzake mosadziwa, pomwe aphunzitsi anaopseza kale kuti mnzakeyo akadzalembanso homuweki kwina osati m'kope, amuchotsa sukulu. Akuyesa kufotokozera amayi ake, iwo ali kalikiliki kuchapa, osamumvera. Ndiye ulendo wa liwiro, yekhayekha, kuchoka kumudzi kwawo ku Koker kupita kumudzi wa Poshteh kukabweza kopelo, nyumba ya mnzakeyo osaidziwa n'komwe.

Anandilasa mtima ndi agogo ake a Ahmad, olimbikira zoti mwana amaongoka ndi kumenyedwa, chonsecho mdzukulu wawo akuchita chilungamo popanda womutuma. Ndinakumbukira kangati konse ndamudula mawu mwana wanga asanamalize kundifotokozera.