Chiphaso cha wailesi ya ham ku Britain: lembani mayeso kaye, wailesi mugule pambuyo

Chiphaso chatuluka, callsign yanga (dzina la zilembo ndi manambala lodziwikira nalo pa wailesi) ikuyamba ndi M7, koma Loweruka limene ndinataya chifukwa cha wailesi yolakwika likundiwawabe. Ndiye mawu oyamba ndi awa: musagule wailesi musanalembe mayeso. Makamaka musagule kwa munthu amene akukuuzani kuti CB ndi ham n'chimodzimodzi, chifukwa ameneyo mwina sadziwa, mwina akufuna kungochotsa katundu m'nyumba mwake.

Ziwirizi zimafanana pa maso pokha. Zonse zili ndi maikolofoni yokanikiza polankhula, zonse zimafuna eriyo. CB ndi ya aliyense. Kuno ku Britain sifuna chiphaso kuyambira mu 2006, ndipo palibe mayeso. Imakhala pa 27 MHz basi, matchanelo ake ndi oikidwiratu: 40 a Britain yokha ndi 40 ena ogwiritsidwa ntchito ku Ulaya konse, kuyambira 26.965 mpaka 27.405 MHz. Mphamvu yake ndi mawati 4 pa FM ndi AM, mawati 12 pa SSB, njira ina yotumizira mawu. Tchanelo 9 anthu amaisiyira zangozi, pa 19 ndi pamene madalaivala amalole amaitanirana. Wailesiyo muigwiritse ntchito momwe inachokera kufakitale. Kuitsegula kuti muwonjezere matchanelo, kapena kulumikiza chowonjezera mphamvu chimene eni ake amachitcha burner, ndi mlandu.

Ham, imene m'malamulo imatchedwa amateur radio, ndi nkhani ina. Chiphaso chimaperekedwa kwa munthu amene wasonyeza pa mayeso kuti akudziwa chimene akuchita, ndiye amamasulidwa. Sapatsidwa matchanelo, amapatsidwa zigawo zathunthu za mafunde: 7.000 mpaka 7.200 MHz, 14.000 mpaka 14.350, 28.000 mpaka 29.700, 144 mpaka 146, 430 mpaka 440, ndi zina zambiri. Amatha kudzipangira eriyo ndi zipangizo, kulankhula ndi mawu, kugogoda Morse, kutumiza uthenga wa kompyuta. Pobweza ufulu umenewo pali malamulo: mutchule callsign yanu poyamba ndi pafupipafupi, musachite malonda, musaulutse nyimbo, musabise uthenga kuti ena asamve. Amene akufuna wailesi yolankhulirana ndi anyamata ake a pa ntchito, ham si yake.

Chimene ogulitsa ambiri sanena n'chakuti 27 MHz mulibe m'chiphaso cha ham. Ili pafupi ndi 28 MHz, inde, koma pali mpanda pakati. Wailesi ya CB yovomerezeka sifika pa 28, ndipo wailesi ya ham simuloledwa kulankhulira pa matchanelo a CB ngakhale ingafike.

Za mayeso. Amayendetsa ndi a RSGB, bungwe la anthu a ham la dziko lino, ndipo chiphaso chimachokera ku Ofcom, bungwe loyang'anira mafunde a wailesi. Masitepe alipo atatu: Foundation, Intermediate ndi Full. A Foundation ndi mafunso 26 osankha yankho, nthawi ndi ola limodzi, mukhoze 19. Morse musaope, inachotsedwa pa zofunika mu 2003. Masamu ake ndi a Ohm's law (mgwirizano wa ma volt, ma amp ndi ma ohm), kuwerengera mphamvu pochulukitsa ma volt ndi ma amp, ndi kudziwa kuti 300 kugawa ndi MHz kumakupatsani kutalika kwa funde m'mamita. Pa 145 MHz mupeza mamita awiri, n'chifukwa chake amangoti 2 metres. Pogwera ambiri si pa masamu ayi, ndi pa malamulo a chiphaso ndi pa zakusokoneza zipangizo za anansi. Pamayeso amalola kabuku kamene muli ndandanda ya zigawo ndi mphamvu zololedwa. Kasindikizeni msanga, muzikatsegula tsiku lililonse mpaka zala zidziwe tsamba, chifukwa mayankho angapo ali momwemo ndipo munthu amataya mphindi khumi akufunafuna.

Ndibwerere ku Loweruka lija, chifukwa silikundichoka. Wailesi ndinagula kwa munthu wina pa tsamba la zakale, milungu itatu mayeso asanafike. Iye anati imafika Africa bwinobwino, anaphatikizapo burner ndi eriyo yamaginito ya pa galimoto. Ndinaika eriyoyo pazenera, pa thabwa, n'kulumikiza mita ya SWR, yosonyeza mphamvu imene ikubwerera kuchokera ku eriyo (nambala yaing'ono ndiyo yabwino). Singano inathamangira kumapeto. Eriyo yamaginito ndi theka chabe la eriyo, theka linalo ndi denga lachitsulo la galimoto. Pa thabwa palibe chimene ikutsamira, ndiye mphamvu imabwerera kuwailesi. Anthu amati ikani pa thireyi yophikira makeke. Chitsulo cha pansicho chimafunika kukula molingana ndi kota ya funde. Pa 145 MHz zimathekadi, poti kota ya funde ndi theka la mita. Pa 27 MHz kota ya funde ndi pafupifupi mamita 2.7, thireyi ya kukhitchini ingakwane pati?

Ndinasiya zimenezo n'kudula waya wa dipole, eriyo ya mawaya awiri ofanana otambasulidwa uku ndi uku. Singano kumapeto komweko. Kudula pang'ono, komweko. Kudulanso, komweko, mpaka waya unafupika osathekanso kugwira ntchito. Vuto silinali waya konse. Mu pulagi ya PL-259 imene inabwera ndi chingwe, kaulusi kamodzi ka mkuwa wakunja kankakhudza pini yapakati. Kaulusi kamodzi, abale, kochepa ngati tsitsi. Chikhala kuti ndinayamba ndi multimeter, ntchito ya mphindi imodzi: chotsani chingwe mbali zonse ziwiri, gusitsani nsonga imodzi pa pini ndi ina pa chigoba. Ikalira, pulagi yagundana mkati, iduleni muwotcherere ina. SWR ikakhala kumapeto pa tchanelo chilichonse osasuntha, musakhudze eriyo, fufuzani chingwe. Eriyo yotalika kapena yofupika imasintha manambala mukamasuntha tchanelo: ikakhala bwino pa tchanelo 1 kuposa pa 40 ndiye kuti yatalika, ikakhala bwino pa 40 ndiye yafupika.

Dzuwa litalowa, pulagi itakonzedwa ndi waya wina atadulidwa, zonse zinali bwino, SWR 1.4. Lolemba ndinanyamula wailesiyo kupita nayo ku kalabu, ndili wonyada. Bambo wina wachikulire anaitembenuza, anawerenga kumbuyo, n'kunena modekha kuti iyi ndi CB, chiphaso chimene ndikuwerengera sichikukhudzana nayo, ndipo burner ndisaiyatse n'komwe. Anawonjeza kuti zowonjezera mphamvu zotchipazi sizisefa bwino, zimamwaza phokoso pa mafunde ena, ndipo ndi zimene zimalowa m'masipika a anansi mpaka kugogoda pakhomo kuyambike. Wogulitsa uja foni sanayankhenso. Tsiku lathunthu, waya mamita khumi, ndalama, zonse m'madzi. Musagule wailesi musanalembe mayeso. Buku la mayeso a Foundation lokha likanandipulumutsa.

Kunena chilungamo, wogulitsayo sananame kotheratu. Dzuwa likakhala ndi mawanga ambiri, zimene zimabwera mozungulira pafupifupi zaka 11 zilizonse, mafunde a 27 MHz amagunda mlengalenga n'kukagwera kutali kwambiri. Koma ndi mwayi, ndipo tsiku limene 27 yatseka, wa CB alibe kothawira. Wa ham amangotsikira pa 21, pa 14 kapena pa 7 MHz. Masiku wamba CB ya m'galimoto imafika makilomita ochepa chabe.

Mayeso ndinalembera kunyumba pa intaneti, woyang'anira akuonera pa kamera. Kwa ine panafunika kompyuta yokhala ndi kamera, foni ina yoikidwa pambali kuti aone tebulo lonse, ndi chitupa chokhala ndi chithunzi. Ikani pulogalamu ya mayeso masiku angapo tsikulo lisanafike, muiyese. Foni ikhale pa chaja, chifukwa kamera yoyaka ola lathunthu imamaliza batire. Chipinda chikhale cha inu nokha, pa tebulo pasakhale mapepala ena. Zotsatira zongoyembekezera zimaoneka pomwepo, koma chikalata chokhala ndi nambala yanu chimabwera patapita masiku angapo, ndipo popanda nambala imeneyo simungapemphe chiphaso. Dzina mulembe monga liliri pa pasipoti kuyambira tsiku lolembetsa. Ife amene tili ndi dzina la kusukulu, la kutchalitchi ndi la pa chitupa tisamale pamenepa.

Ku Ofcom pa intaneti chiphaso n'chaulere. Mumalowetsa nambala ija, n'kusankha zilembo zitatu zotsatira M7 mwa zimene sizinatengedwe. Sankhani zosavuta kutchula m'phokoso. Kuyambira mu 2024 wa Foundation amaloledwa mawati 25 pa zigawo zambiri, wa Intermediate 100, wa Full 1000. Mabuku akale ndi mavidiyo akale amati mawati 10, choncho onani chaka musanaloweze. Palinso pepala limene ambiri amaiwala: ngati mphamvu yochoka pa eriyo ikupitirira mawati 10 EIRP (mphamvu ya wailesi mutawerengera ndi mmene eriyo ikuiunjikira mbali imodzi), muyenera kuwerengera mtunda umene anthu ayenera kutalikira ndi eriyoyo, n'kusunga zimene mwapeza. Chowerengera chilipo pa tsamba la Ofcom, ntchito ya mphindi zosakwana makumi awiri.

Nditayambiranso, ndikanagula kawailesi kam'manja ka 2 metres ndi 70 cm, chiphaso chili m'manja. Poitanira ndi 145.500 MHz, mukapezana musamukire pena. Pa repeater ya 2 metres, siteshoni yolandira mawu anu n'kuwatumizanso kuti afike patali, mumamvera pa nambala yolembedwayo koma mumalankhulira 600 kHz pansi pake, ndipo pamafunika kamvekedwe ka CTCSS kolondola, kaphokoso kapansipansi kotsegulira repeater. Mukamamva anthu koma iwo osakumvani, n'chimodzi mwa ziwirizi pafupifupi nthawi zonse. Tiwailesi totchipa ta ku China timafikanso pa PMR446, ija ya alonda ndi ana, koma kumeneko malire ndi theka la wati ndi eriyo yosachotseka, choncho musalankhulirepo.

Za kutali, dipole ya 14 MHz ndi yosavuta: 143 kugawa ndi 14.2 kumapereka mamita 10 ndi pang'ono, mamita asanu mbali iliyonse. Dulani motalikirapo, ndipo m'malo modula nsonga muzipinda n'kuikulunga, masentimita atatu mbali zonse ziwiri, kenako n'kuyeza. Chodulidwa sichibwerera, ndaona. Chingwe chikhale cha 50 ohm, RG-58 ngati mtunda ndi waufupi, RG-213 ngati ndi wautali. SWR yosakwana 1.5 ndi yabwino, ikadutsa 3 chotsani chala pa batani. Ngati mukuchita lendi, pemphani chilolezo cholembedwa musanaboole khoma, apo ayi gwiritsani mtengo wotalikitsa wa fibreglass umene mumaimika madzulo n'kutsitsa mukamaliza.

Kumudzi ndi pafupifupi makilomita 8,000. Callsign ya Malawi imayamba ndi 7Q, ya Zambia 9J, ya Mozambique C9, ya Zimbabwe Z2, ya South Africa ZS kawirikawiri. Ndi mawati 25 ndi waya, mawu angavute, koma FT8, njira yotumizira mauthenga afupiafupi a kompyuta, pa 14.074 MHz imadutsa pamene khutu silikumva kanthu. Imayenda m'magawo a masekondi 15, ndiye wotchi ya kompyuta ikangolakwa masekondi angapo simuona aliyense ndipo palibe angakuoneni. Ikonzeni ndi intaneti musanayambe kukayikira eriyo. Ndipo chiphaso cha Ofcom sichikupatsani ufulu woyatsa wailesi ku Lilongwe kapena ku Mangochi: kumeneko chilolezo ndi cha MACRA, mupemphe ulendo usanafike, wailesi isanalowe m'sutikesi.

CB ija ili m'galimoto tsopano, pa denga lachitsulo pamene eriyo yake inapangidwira, SWR 1.3 pa tchanelo 19. Burner ili m'katoni pansi pa masitepe, ndipo sindikugulitsa kwa wina.