Sabata ya malikisi ndi mpira wa anthu 6 ku West Texas

Lolemba m'mawa ndisanayatse nkomwe kompyuta a kochi anali atandidikira kale pakhomo la kalasi, khofi m'manja, ndiye ndinadziwiratu kuti nkhani ndi ya mnyamata wathu uja wa Algebra. Ine ndimaphunzitsa masamu pa kasukulu kena kakumudzi kuno ku West Texas, chaka chachiwiri chino, ndipo kasukulu kameneka ndiye distrikiti yonse, kuyambira ana a kindergarten mpaka giredi 12 mpanda umodzi, bodi yakeyake ya anthu 7 ochita kuvoteredwa, msonkho wakewake wa minda ndi nyumba, ndi superintendent wake, mkulu woyendetsa distrikitiyo, amene tsiku lina ndinamupeza atagwada akukonza paipi ya kuchimbudzi. Kwathu tinazolowera kuti sukulu zambirimbiri zili pansi pa a DEM amodzi, kuno kamudzi koti umakadutsa usanamalize kusintha giya kamadzilamulira kokha pa maphunziro.

Malikisi a mnyamatayo anali pa 66. Kuno kuli lamulo lomwe linabwera mu 1984 mkulu wina wabizinesi, Ross Perot, atalimbikira za kusintha maphunziro, amalitcha no pass, no play, ukalephera kufika 70 pa phunziro limodzi lokha umakhala panja masabata atatu, kutirening'i upita koma gemu iwalako. Masabata 6 oyamba, omwe amawerengera malikisiwo, amatha Lachisanu la sabata lomwelo. Timu ili ndi anyamata 9, mmodzi bondo likumuvuta, ndiye mukhoza kuona nokha. Ndinakonzekeratu mtima kuti andipempha ndimuwonjezereko timalikisi koma ayi, anangoti "Aphunzitsi, ndimubweretse nthawi yanji?" basi. Tinagwirizana 7 koloko m'mawa.

Lachiwiri anabweradi, nsapato zili ndi ndowe, juzi ikununkha dizilo, anali atadyetsa kale ng'ombe za agogo ake kusanache. Mwana ameneyu mumufunse kuti thirakitala imwa dizilo wochuluka bwanji pa maekala akutiakuti akuyankhani pompo osagwira pensulo, koma akangoona x amauma ngati waona njoka. Ndinayesa za mpira wake womwe, touchdown, komwe ndi kugoletsa kwake, ndi mapointi 6, kumenya ndi phazi pambuyo pake ndi 2, ndiye 8x = 48 ndi chani, anaseka nkuti 6 nthawi yomweyo. Ndinasangalala msanga. Titafika pa manambala a negative tinabwerera pomwe tinayambira.

Mpira wake ndiufotokoze pang'ono poti nane poyamba ndimangoona chipwirikiti. Ndi ule waku America wogwira ndi manja, koma mbali iliyonse anthu 6 m'malo mwa 11. Anauyambitsa mphunzitsi wina, Stephen Epler, ku Chester, Nebraska mu 1934, nthawi ya mavuto a chuma ija, sukulu za m'midzi zilibe anyamata okwana komanso ndalama za zovala. Bwalo ndi mayadi 80 mulitali ndi 40 mulifupi, pamafunika mayadi 15 kuti mupatsidwe mwayi wina osati 10, aliyense akhoza kuwakha mpira woponyedwa, ndipo kumenya ndi phazi kuli ndi mapointi ambiri kuposa kuthamanga nawo chifukwa ndi anthu ochepa chonchi kuteteza womenyayo nkovuta. Timu ina ikatsogola ndi mapointi 45 pa hafu taimu kapena pambuyo pake gemu imathera pomwepo. Bungwe la UIL lomwe limayendetsa masewera a sukulu za boma ku Texas limaika mu gulu la 1A sukulu zomwe ana a sekondale sakwana 105, ife ngakhale theka la pamenepo sitifika.

Lachitatu tirening'i imatha msanga chifukwa madzulo anthu amapita kutchalitchi, ndiye ndinakhalira kucheza ndi mayi a mu ofesi, omwe anaphunzira pompano, ana awo pompano, panopa zidzukulu. Ananditengera pa kabati ya magalasi ya mu kolido ija ndimangoidutsa tsiku ndi tsiku. Muli zikho zakuda ndi ukalamba, mpira wachikopa wophwa wolembedwa ndi penti yoyera, koma chomwe amafuna ndione ndi zithunzi za pansi, matimu ovala mitundu yomwe si yathu. "Izi ndi sukulu zomwe tinazimeza," anatero, nkumaloza ndi chikhadabo, iyi inali kumpoto panopa ndi munda wa thonje, iyi kwatsala masitepe okha a simenti, apa ndi bambo anga. Malamulo a Gilmer-Aikin a 1949 anaphatikiza madistrikiti a ku Texas pafupifupi 4,500 nkutsala 2,900, lero angopitirira pang'ono 1,000, mabasi a sukulu ndi misewu yatala zinamaliza zotsalazo, makina atalowa m'minda mabanja nkumasamukira ku Lubbock ndi ku Abilene. Iwo akuti sukulu ikatseka positi ofesi imatsatira, kenako sitolo, kenako tchalitchi. Ndiye anthu kuno akamawerenga anyamata pa benchi sikuti akuganiza za chikho cha ku AT&T Stadium ku Arlington, komwe kumachitikira mafainolo, ayi, akuwerenga kuti kamudzi kawo katsala ndi zaka zingati. Banja limodzi la ana anayi likasamuka bodi imachita kukambirana.

Ndinatuluka mu ofesimo 66 ija ikundilemera kuposa mmene ndinalowera, kunena zoona.

Lachinayi mayeso. Analemba mpaka belu, anafufuta mpaka pepala kubooka pa funso 7. Sindinachonge tsiku limenelo, dala, ndinati ndichonga onse pamodzi maina nditapinda.

Lachisanu kunalibe sukulu yeniyeni, ana a giredi 1 atapaka penti kumaso, atsikana atavala zimaluwa za homecoming, tsiku lomwe ophunzira akale amabwerera kudzaonera gemu, za maliboni mpaka m'maondo ndi timabelu tolira kolido yonse. Madzulo anandipatsa ntchito yogwira tcheni cha mayadi 15 m'mbali mwa bwalo, pano aliyense ali ndi ntchito ziwiri kapena zitatu, a kochi omwewo amaphunzitsa mbiri komanso kuyendetsa basi ya sukulu. Mapikapu atazungulira bwalo, agogo atakhala m'galimoto nkumaliza hutala timu ikagoletsa, mphepo ya fumbi ikuwomba ngati ya ku Nsanje mu Okutobala koma yozizira. Mnyamata wanga uja anagoletsa katatu, kamodzi anandidutsa pafupi moti ndinamva akupuma, ndinaiwala tcheni nkuyamba kukuwa mu Chichewa mpaka refu ananditembenukira. Gemu inathera mu kota yachitatu, tinawapitirira ndi 45 ija.

Anthu akupita kukadya nyama yowotcha kuholo ine ndinalowa m'kalasi, magetsi a pabwalo akuwalirabe pawindo, nkuchonga mapepala 11 onse. Lake ndinalizindikira ndi kubooka kuja ngakhale dzina linali lopinda. Ndinawonkhetsa kawiri, kachitatu ndi kakyuleta. Zonse pamodzi 68.

Ndinalowetsa mu kompyuta momwemo, kenako ndinawalembera a kochi meseji poti sindimafuna akamve kwa wina. Panadutsa mphindi ngati 10 ndikungoyang'ana foni. Anayankha kuti "Chabwino aphunzitsi, gemu ya sabata yamawa tisewera 8. Lolemba 7 koloko ndimubweretsa ndekha, za negative zija mundiphunzitsenso ineyo."