Anyezi wa ku Leicester

Ine ndine mwana wa mlimi wa ku Dedza, khasu ndinaligwira ndisanadziwe kulemba dzina langa. Ndiye agogo eni nyumba yomwe timachita lendi ku Leicester, ku England, atatipempha kuti tikonzeko kadimba ka kuseri chisanu chisanafike, ndinaseka chamumtima. Kamalo kake mphasa zinayi basi. Kwathu pamenepo timangoyanikapo mphale.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene mitengo ya kuno imayoyola masamba onse ngati yalodzedwa. Ndinasesa, n'kuunjika, n'kuyamba kufunafuna machesi. Mayi a kunyumba anandigwira mkono, amvekere kuno utsi umaitana anthu a yunifolomu.

Nditayamba kutipula dothi, kunatuluka anyezi. Kukumba apa, anyezi. Kutseri kwa mpanda, anyezi. Ndinati azungu awa chakudya sachidziwa, mpaka kuiwala zokolola m'nthaka! Ndinafukula yense, mitu 60, n'kumuyanika pawindo la kukhitchini. Chithunzi ndinatumiza kumudzi pa WhatsApp, kuti aone kuti mwana wawo sanataye chikhalidwe.

Madzulo mayi a kunyumba anadula mutu umodzi, n'kuununkhiza.

"Abambo, anyezi wanji wosatulutsa misozi? Ngakhale fungo alibe."

"Ndi wachizungu ameneyo," ndinatero ine katswiri, "ndi waulemu."

Mafuta ali chuchuchu m'poto, tomato wadulidwa kale, kunamveka kugogoda. Agogo aja abwera kudzaona ntchito. Maso awo atagwera pawindo anagwira pachifuwa, mawu osatuluka. Kenako anaona poto, n'kukuwa ngati aona njoka.

Sanali anyezi. Anali maluwa otchedwa daffodil, amene iwo anakwirira okha mu Seputembala, chogwada, ndi maondo awo a nyamakazi. Mitu yake imayenera kugona m'dothi lozizira miyezi yonse ya chisanu kuti idzachite maluwa chakumayambiriro kwa chaka. Komanso ndi poizoni: ukadya, kusanza ndi kutsegula m'mimba zimabwera limodzi. Usiku umenewo nsima tinadyera mazira, mayi a kunyumba akungondiyang'ana, osanena kanthu, zomwe zimapweteka kuposa kukalipa.

M'mawa mwake ndinabzalanso mitu 59 yotsalayo. Agogo anandilangiza zitatu: dzenje likuye katatu kutalika kwa mutuwo, kosongoka kuloze kumwamba, ndipo ndimwaze mwachisawawa kuti azidzaoneka ngati omera okha. Ziwiri zoyambazo ndinamva. Chachitatucho manja anga anakana. Ndinaunga mizere itatu yowongoka bwino, phando lililonse mutu umodzi, kabzalidwe ka Sasakawa.

Mu Malichi maluwa achikasu anatuluka ali ndondondo pamwamba pa mizere ngati asilikali pa perete. Agogo anaima nthawi yaitali akuyang'ana, kenako anajambula n'kumapita.

Mayi anga kumudzi sindinawauze. Mpaka lero ndikaimba foni amafunsa kuti mbewu ya anyezi uja nditumiza liti.