Flash imodzi, ngongole za alimi onse

Zambiri za sabata ino ndi zomwe anzanga a IT mumazidziwa kale: printa kutafuna mapepala, rauta kufuna kuzimitsa n'kuyatsanso, magetsi kuthima jenereta ilibe mafuta, bwana kuiwala pasiwedi ya imelo. Izo sindikutayirani nazo nthawi. Chandiwawa ine ndi cha Lachitatu.

Ndimagwira ntchito yoyang'anira makompyuta ku bungwe lina la alimi kuno ku Kasungu. Nyengo ino fodya ali pamsika ku Chinkhoma, ndiye kuti alimi akubweza ngongole za feteleza, ndipo mabuku onse a ngongolezo ali pa kompyuta imodzi ya ku akaunti. Kompyutayo ndi ya Windows 7, imene Microsoft inasiya kuitumizira zotchingira mu Januwale 2020. Antivayirasi yake laisensi inatha kalekale, imangotulutsa kachikwangwani kofiira kamene aliyense anazolowera kukatseka osawerenga.

M'mawa wa Lachitatu mayi a ku akaunti anandiimbira mawu akunjenjemera: "Achimwene, bwerani msanga, mafayilo onse athawa." Panja alimi a ku Santhe ndi ku Chamama anali atakhala kale pamzere, malisiti m'manja. Nditayang'ana, mafoda onse anali ndi kamuvi kakang'ono pakona, ukadina osatseguka. Dzulo lake printa itakana, anatuma mesenjala ndi flash kukaprintitsa ku kashopu ka m'tauni, ndipo flash ija inabwerako ndi vayirasi ya mashotikati. Imeneyi sifufuta kanthu, imangobisa mafoda enieni n'kuika abodza pamalo pake. Ndinachotsa kompyuta pa netiweki, n'kupha vayirasiyo, n'kubweza mafoda ndi attrib, lamulo la mu Windows loonetsa mafayilo obisika. Pofika masana mzere unayamba kuyenda.

Chimene chinandiumitsa thupi n'chakuti hadi draivu ya bakapu, momwe timasungamo kope lapadera la mafayilo onse, inali yolumikizidwa pa kompyuta yomweyo, monga imakhalira usana ndi usiku, ndipo nayonso inali itagwidwa. Ikanakhala vayirasi yotseka mafayilo n'kufuna dipo, bwenzi zonse zitapita limodzi, mabuku ndi bakapu yomwe. Ndani akanadziwa amene wamaliza ngongole ndi amene watsala? Zoterezi si zakunja kokha. Mu Febuluwale 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inali itaima dziko lonse, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina ndipo akufuna dipo. Nanga ife ndi kakompyuta kathu ka fumbi?

Ndinapita kwa bwana kukafotokoza. Anandimvera akuyang'ana foni, kenako anati, "Koma mwakonza eti? Ndiye vuto lili pati, bambo?" Apa mpamene pamatopetsa ntchito yathuyi. Ukakonza msanga, amati panalibe vuto. Ndinawakumbutsa kuti m'mafayilomo muli manambala a ziphaso za unzika, manambala a foni ndi ngongole ya mlimi aliyense. Munthu wakuba atapeza zimenezo amangoimba, kutchula dzina ndi ndalama yeniyeni imene mlimi watsala nayo, n'kunena kuti tumizani pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Agogo a kumudzi angakayike bwanji? Ndinatchulanso lamulo la Data Protection Act la 2024, loti wosunga uthenga wa anthu ali ndi udindo wouteteza, ndipo MACRA ndi imene imayang'anira. Bwana anati tikambirane Lachisanu.

Zimene ndakhala ndikupempha si zapatali: laisensi ya antivayirasi, hadi draivu yachiwiri yoti izigona m'sefa, ndi gawo lakelake la chitetezo cha makompyuta pa msonkhano wa mwezi ndi mwezi, kuti ogwira ntchito amve za maflash, mapasiwedi olembedwa pansi pa kiyibodi, ndi malinki obwera pa WhatsApp. Lachisanu nkhani yanga inaikidwa kumapeto kwenikweni, pa nkhani zina ndi zina. Anakambirana matayala a galimoto ya bwana ndi ma alawansi a ulendo wa ku Lilongwe, nthawi n'kutha.

Ndisanaweruke ndatseka mapoti onse a USB, polowetsera flash paja, pa kompyuta ya ku akaunti, ndipo bakapu ndaichotsa n'kuitsekera m'kabati yanga. Lolemba akadzafuna kuprintitsa kunja adzandipeza ndine, ndipo ndidzawapatsa kalata yanga ya bajeti ya zinthu zija ndikupempha kuti asaine kaye.