Loweruka la matumba 200 a soya

Kalasi imayenera kuyamba 8 koloko, koma ochokera ku Area 25 ndi ku Likuni afika mochedwerapo chifukwa cha mvula ya m'mawa. Ophunzira a kumapeto kwa sabata ambiri ndi anthu apantchito: owerengera ndalama m'makampani, a kubanki, ena ali ndi mashopu awo ku Area 2. Mayeso a malamulo a bizinesi atsala milungu itatu, ndiye lero panalibe zatsopano. Tinangolemba funso limodzi pabolodi n'kupereka mphindi 25.

Funso lake ndi ili. Lolemba, mlimi wa ku Mitundu watumiza uthenga wa WhatsApp kwa mayi wina wogula mbewu ku Kanengo: ali ndi matumba 200 a soya a makilogalamu 50, thumba lililonse K60,000, ndipo adikira mpaka Lachisanu. Lachiwiri mayi wayankha kuti atenga onse pa K55,000. Mlimi wangokhala chete. Lachitatu wagulitsa soya yense kwa munthu wina. Lachinayi mayi walemba kuti chabwino, wavomera K60,000 ija. Kodi mayiyu angasumire mlimi?

Mapepala atabwera, ambiri anali atadzaza tsamba lonse ndi tanthauzo la kontrakiti. Offer (kupereka ganizo la pangano), acceptance (kulivomera), consideration (chomwe aliyense akuperekapo posinthana), cholinga choti panganolo likhale lomanga pamaso pa lamulo, zonse zondandalikidwa bwinobwino monga zilili m'manotsi. Koma soya sanatchulidwe mpaka mzere womaliza. Apa ndi pamene malikisi amathera. Wochonga sakufuna kudziwa ngati munaloweza. Akufuna aone lamulolo litagwira mlimi uyu ndi mayi uyu, tsiku ndi tsiku.

Yankho loyenera limayenda ndi masiku. Uthenga wa Lolemba ndi offer yeniyeni, chifukwa katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo zonse zatchulidwa. Kuti wadzera pafoni si vuto: Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imavomereza mauthenga otere. Lachiwiri ndiye pagona nkhani. Mayi sanavomere, wabweretsa mtengo wake, ndipo kutero kumapha offer yoyamba ija. Mlandu wake ndi wa ku England, Hyde v Wrench wa 1840: munda unkagulitsidwa £1,000, wogula anati apereka £950, atakanidwa anabwerera ku £1,000, khothi linati palibe pangano. Choncho uthenga wa Lachinayi ukuvomera chinthu chomwe chinafa kale Lachiwiri. Uthengawo wasanduka offer yatsopano yochokera kwa mayi, ndipo mlimi ali ndi ufulu woikana. Kukhala chete kwake sikutanthauza kuvomera, monga zinalili pa Felthouse v Bindley mu 1862.

Bambo wina wa kumbuyo anakweza dzanja. "Koma aphunzitsi, munthuyo analonjeza yekha kuti adikira mpaka Lachisanu. Si bodza limenelo?" Mwaumunthu ndi bodza ndithu, ndipo pamsika anthu angamunene. Koma lonjezo lodikira silimanga ngati winayo sanaperekepo kanthu. Mayi akanatumiza ngakhale K10,000 pa Airtel Money n'kugwirizana kuti ndi yosungitsira soyayo mpaka Lachisanu, nkhani ikanakhala ina. Umu ndi momwe consideration imagwirira ntchito, ndipo amene anatchula mfundoyi m'mapepala anali ochepa kwambiri.

Kenako tinasintha mawu amodzi okha m'funsolo. Tiyerekeze kuti Lachiwiri mayi sanatchule K55,000, anangofunsa kuti, "Kodi mungalole ndilipire kawiri?" Kalasi inagawikana. Kufunsa kotere si kukana, offer imakhalabe yamoyo. Onani Stevenson v McLean wa 1880. Mlimi akanatha kuibweza, koma kubweza kumagwira ntchito pokhapokha winayo atamva, kaya kwa mwiniwake kaya kwa munthu wodalirika. Iye anagulitsa mwakachetechete. Ndiye Lachinayi mayi atavomera, pangano lamangika, ndipo mlimi waliswa. Chipukuta misozi chake sichongoganizira: pansi pa Sale of Goods Act timatenga mtengo wa pamsika pa tsiku lomwe katundu amayenera kuperekedwa n'kuchotsapo mtengo wa m'pangano. Ngati pamsika thumba lafika K66,000, kusiyana ndi K6,000, kuchulukitsa ndi matumba 200, K1,200,000. Ngati mtengo wa pamsika watsika, mayi angapambane mlandu koma n'kutuluka m'khothi pafupifupi chimanjamanja.

Panabuka funso lomwe limabwera chaka chilichonse, loti bwanji tikuwerenga milandu ya azungu a ku London pomwe tili ku Lilongwe. Yankho ndi lalifupi. Lamulo la mu 1902 la British Central Africa, dzina la dziko lino nthawi imeneyo, linabweretsa kuno common law ndi equity (malamulo ochokera ku zigamulo za makhothi a ku England) komanso malamulo a ku England omwe ankagwira ntchito pa 11 Ogasiti 1902. Pamwamba pa zonse pali malamulo oyendetsera dziko a 1994, omwe gawo 5 limati lamulo lililonse losemphana nawo ndi lopanda mphamvu, kenako malamulo opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Milandu ya ku England ya masiku ano makhothi athu amangoimvera ngati uphungu, siwamanga. Amene akufuna malikisi owonjezera afufuze zigamulo za Commercial Division ya High Court pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti la malamulo ndi zigamulo za kuno, n'zaulere, ndipo mlandu umodzi wa kuno wotchulidwa pamalo oyenera umalemera kuposa isanu ya kunja yongoponyedwa.

Titapuma, ena atathamangira chipisi cha pachiwaya kunja kwa geti, tinalowa za ntchito. Apa ophunzira amadzuka, chifukwa aliyense ali ndi bwana.

Wantchito wagwira zaka 7 zathunthu, malipiro ake pa sabata ndi K60,000, kampani yamuchotsa chifukwa bizinesi yalowa pansi. Severance yake, ndalama yomwe amapatsidwa pochotsedwa ntchito motere, ndi zingati? Theka la kalasi linapeza K1,260,000. Anatenga milungu itatu n'kuchulukitsa ndi zaka zonse 7. Ndi kulakwa kumeneko. Malinga ndi Employment Act ya 2000 monga inasinthidwira mu 2010, kuwerengera kumakwera ngati makwerero: milungu iwiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, milungu itatu kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, milungu inayi kuyambira cha 11. Ndiye zaka zisanu zikupereka milungu 10, ziwiri zotsalazo milungu 6, pamodzi 16, kuchulukitsa ndi K60,000, K960,000. Ndalamayi isasakanizidwe ndi ya notisi, ya masiku a tchuthi omwe sanapite, kapena penshoni, komwe olemba ntchito amaika 10 peresenti ndipo wantchito 5. Chilichonse chili ndi mzere wakewake. Komanso wosiya yekha ntchito popanda womukakamiza, kapena wochotsedwa moyenera chifukwa cha khalidwe loipa, severance salandira.

Pa kuchotsa munthu chifukwa cholakwa, gawo 57 la Employment Act likufuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka, komanso kumupatsa mpata woti adziteteze. Ophunzira amakonda kukakamira pa choyamba. Akaona kuti m'funso wantchito anabadi simenti, amatseka nkhani. Koma abwana amene wathamangitsa wakuba pompopompo osamuitanira kukamumva akhoza kuluza ku Industrial Relations Court, khothi la nkhani za ntchito, ndipo udindo wopereka umboni wa chifukwacho uli pa wolemba ntchito.

Nthawi inatsala pang'ono ya makampani, tinangokhudza pomwe ambiri amapunthwa. Mayi wina mwini shopu anati bizinesi yawo ndi yolembetsa, choncho ngongole zake sizingafike kunyumba. Titafunsa chomwe chalembedwa pa satifiketi, zinapezeka kuti ndi dzina la bizinesi chabe, pansi pa Business Registration Act ya 2012. Pamenepo inu ndi bizinesiyo ndinu munthu mmodzi. Ikalephera kubweza, asherifu afika pakhomo panu. Kampani yolembetsedwa pansi pa Companies Act ya 2013 ndiyo imaima payokha, ngakhale mwini masheya atakhala mmodzi. Gwero lake ndi Salomon v Salomon wa 1897, mlandu wa wosoka nsapato amene House of Lords, khothi lalikulu la ku Britain nthawi imeneyo, inati ngongole za kampani yake si zake. Chenjezo n'lakuti mabanki amadziwa bwino mlanduwu kuposa ophunzira. Kampani yaing'ono ikafuna ngongole, amapempha dailekitala kuti asainire payekha kapena apereke nyumba yake ngati chikole, ndipo mukasaina, khoma la Salomon lija silikutetezaninso pa ngongole imeneyo. Mayi aja anajambula zapabolodi pafoni n'kuti akaonanso mapepala awo kunyumba.

Ntchito ya sabata ino: funso la soya lomwelo, koma nthawi ino mayi anamva Lachitatu madzulo kwa woyendetsa lole kuti katundu wagulitsidwa kale. Werengani Dickinson v Dodds wa 1876, muyankhe m'tsamba limodzi ndi theka, polemba pamanja, mphindi 25 osapitirira. Ndime iliyonse iyambe ndi tsiku, ndipo mlimi kapena mayi atchulidwe m'chiganizo choyamba. Mapepala abwere Loweruka, 8 koloko.